Kodi Mlandu Umawola? Kuphunzitsa za pa 3 Marichi m'Kalasi

M'mwezi wa Marichi chaka chatha tidali kuyendera ophunzira athu amene adali m'sukulu za pulaimale kuyesera ntchito ya uphunzitsi. Pa sukulu ina tidakhala kumbuyo kwa kalasi la Sitandade 7 ndi kumvetsera phunziro lonena za Tsiku la Ofera Dziko. Mphunzitsiyo adali atakonzeka bwino. Pa bolodi adalembapo tsiku, dzina la Bwanamkubwa ndi chiŵerengero cha anthu amene adaphedwa. Ana adabwereza zonsezo pamodzi, nakopera m'makope mwawo. Kutatsala pang'ono kuti belu lilire, mtsikana wina adaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, agogo anga aamuna adawatsekera m'ndende zaka zinayi popanda mlandu nthaŵi ya chipani chimodzi, ndipo adamwalira atangotuluka. Kodi iwonso ndi ofera dziko?" Mphunzitsi adayang'ana kwa ife, kenaka adayang'ana m'chikonzero chake cha phunziro, nayankha kuti zimenezo siziri m'silabasi.

Sitikunena izi kuti timchititse manyazi mnzathuyo. Ambiri a ife tikadayankha chimodzimodzi, pakuti funso la mwanayo lidagwa pa mphambano pamene pakumana zinthu zitatu: chimene anthu amakumbukira kwawo, chimene malamulo ndi zikalata za boma zidavomereza kuti chidachitikadi, ndi ufulu wachibadwidwe umene timaphunzitsa m'kalasi lomwelo tsiku lina ngati kuti ndi nkhani yosakhudzana ndi mbiri yakale. Buku la ophunzira limagaŵa zinthu zitatuzi m'mitu yakeyake. Mwana sagaŵa chotero. Iye amaloŵa m'kalasi ndi zimene adamva pa khonde la kwawo, ndipo akauzidwa kuti zimenezo siziri m'silabasi amatolapo phunziro limene sitidakonze, lakuti pali zowona zina zimene sizinenedwa pa gulu.

Mtundu Umakumbukira Bwanji?

Munthu aliyense ali ndi zake zimene amakumbukira, komabe banja, mudzi, mpingo ndi dziko nazonso zimakumbukira. Katswiri wa ku France wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu, Maurice Halbwachs, adalemba m'chaka cha 1925 kuti palibe munthu amene amakumbukira ali yekhayekha. Gulu limene munthu akhalamo ndilo limampatsa mawu, masiku ndi malo omangirirapo zimene adawona, ndipo gululo likabalalika chikumbukirocho chimazilala. Mwini wakeyo adafera mu msasa wachibalo wa Buchenwald m'chaka cha 1945, m'manja mwa boma la Nazi.

Kwa munthu wokulira kumudzi zimenezi si zachilendo. Pa maliro mwini mbumba amaimirira kulongosola mbiri ya malemu ndi kumene makolo ake adachokera. Pomanga chiliza achibale amasonkhananso, ndipo nkhani zimene zidayamba kuiŵalika zimadzuka. Okalamba ambiri sadziŵa chaka chimene adabadwa, koma adzakuuzani kuti adali kumbuyo kwa amawo chaka cha njala, kapena kuti adakwatiwa nthaŵi ya Chitaganya. Pamene Megan Vaughan adafufuza za njala ya 1949 ya m'boma la Blantyre, m'buku lake la 1987, adapeza kuti nyimbo zimene amayi ankaimba posinja zidasunga chinthu chimene zikalata za atsamunda sizidachilabadire: amayiwo ankakumbukira chakacho ngati chaka chimene amuna ambiri adachoka kukafuna chakudya osabwereranso kwa akazi awo. Mtondo udasunga zimene ofesi idataya.

Koma tisakometse mopitirira. Chikumbukiro cha gulu chimasankha. Chimaphatikiza zaka ziŵiri kukhala chaka chimodzi, chimakuza ngwazi ya kwathu ndi kuchepetsa ya kwa eni, ndipo nkhani yobwerezedwa kaŵirikaŵiri imasanduka yowona m'makutu a anthu ngakhale idayamba ngati mphekesera. Pamwamba pa izo, amene ali ndi mphamvu amaloŵereramo. Makolo athu amatiuza mmene tsiku la Matazi linkakhalira m'zaka za chipani chimodzi: kumunda kosapita, ntchito yosagwira, wailesi ikuimba nyimbo zachisoni tsiku lonse, ndipo wopezeka ali ndi khasu m'manja ankalaŵa zoŵaŵa. Anthu ankalamulidwa kulira anthu a 1959 pa nthaŵi yomweyo imene kulira poyera m'bale wotsekeredwa ku Mikuyu kapena ku Dzaleka kudali kudziputira ngozi.

Lachiŵiri Lija la 1959

Tiyeni tibwerere ku tsiku lenilenilo, chifukwa mphunzitsi sangatsogolere ana pa njira imene iye sakuidziŵa. M'mbandakucha wa Lachiŵiri, pa 3 Marichi, 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko la Nyasaland liri pa ngozi, lamulo limene akuluakulu amangolitcha Imejensi. Chipani cha Nyasaland African Congress, chimene chinkakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chokhazikitsidwa m'chaka cha 1953, chidaletsedwa. Dr. Hastings Kamuzu Banda adagwidwa natumizidwa ku ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri a iwo ku Kanjedza mu Limbe. Ku Nkhata Bay ogwidwawo adawakweza m'sitima ya pamadzi yotchedwa Mpasa. Khamu lidasonkhana pa doko kufuna kuti anzawo amasulidwe, ndipo asilikali adawombera.

Boma lidapereka chifukwa chake. Lidati atsogoleri a Congress, pa msonkhano wa kutchire wa pa 25 Januwale, adapangana chiwembu chopha Bwanamkubwa, akuluakulu a boma, Azungu, Amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi boma. Nkhani imeneyi idanenedwa ngakhale m'Nyumba ya Malamulo ya ku London, ndipo ikadakhala mbiri yolembedwa ya dziko lathu pakadapanda bungwe lofufuza limene boma la Britain lomwelo lidatumiza motsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin. Bungwelo lidayenda m'dziko muno, lidapita ndi ku ndende za ku Southern Rhodesia, ndipo lidamva mboni mazanamazana. Lipoti lake lidatuluka mu Julaye 1959. Lidavomereza kuti boma lidali ndi chifukwa cholengezera Imejensi, ndiponso kuti pa msonkhano uja padali mawu a chiwawa. Komabe lidati chiwembu cha kupha anthu monga chidanenedwera padalibe, kuti asilikali ndi apolisi adamenya anthu ndi kutentha nyumba mosaloledwa ndi lamulo, kuti kudana ndi Chitaganya kudali kozika mizu pakati pa anthu wamba, ndi kuti Nyasaland idali itasanduka, ngakhale kwa kanthaŵi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Lidaŵerenga Aafirika 51 ophedwa m'dziko lonse, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay.

Apa tikuwona ubwino wa lamulo pa ntchito ya kukumbukira. Limafunsa munthu kuti anene chimene adawona ndi maso ake, limamva mbali zonse ziŵiri, ndipo limalemba. Cholembedwacho chimakhalapo ngakhale mboni zonse zitatha. Boma la Britain silidakondwe ndi lipotilo. Lidatulutsa tsiku lomwelo chikalata cha Armitage cholitsutsa, ndipo lidakana mfundo zake zazikulu m'Nyumba ya Malamulo. Koma silidathe kulifafaniza. Dr. Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo, 1960, ndipo Chitaganya chidatha pa mapeto a 1963.

Tikuwonanso malire ake. Bungwe la Devlin silidali bwalo lamilandu. Silikadatha kulanga munthu kapena kulamula chipukutamisozi. Lidatumidwa kufufuza chipolowe ndi zimene zidachititsa, osati kulemba za mwana aliyense amene adakula wopanda atate. Ndiponso pa mwambo wa chaka ndi chaka ku Nkhata Bay chiŵerengero chimene chimamveka kaŵirikaŵiri ndi 31, osati 20. Mphunzitsi wamantha amasankha nambala imodzi ndi kubisa inayo. Ife tikuti zilembeni zonse ziŵiri pa bolodi, chifukwa pakati pa 20 ndi 31 ndi pamene pali phunziro lathu lonse.

Tsiku Lomwelo ku Kenya

Pali chinthu chimene mabuku athu satchula. Pa 3 Marichi pomwepo, 1959, mu msasa wa Hola ku Kenya, kumene boma la atsamunda lidatsekera anthu oganiziridwa kuti ndi a Mau Mau, akaidi 11 adamenyedwa ndi alonda mpaka kufa chifukwa chokana kugwira ntchito yakalavula gaga. Chilengezo choyamba cha boma chidati adafa atamwa madzi a m'ngolo. Kafukufuku wa imfazo ndiye adaulula za zibonga. Nkhani ya Hola ndi lipoti la Devlin zidakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ya ku London masiku aŵiri otsatizana, pa 27 ndi pa 28 Julaye. Ndipotu zonsezi zidachitika patangopita zaka khumi ndi miyezi yochepa chivomerezedwere Chikalata cha Dziko Lonse cha Ufulu Wachibadwidwe pa 10 Disembala, 1948, chimene Britain idachivotera, chimene gawo lake lachisanu likuletsa kuzunza munthu ndipo lachisanu ndi chinayi likuletsa kummanga popanda chifukwa.

Tatchula za Kenya chifukwa kumeneko kudayesedwa mwambi wathu uja wakuti mlandu suwola. Pa bwalo la mfumu mwambiwo ndi wowona: mbuzi imene agogo adabwereka, mdzukulu angathe kuitanidwa kuti aibweze. Malamulo olembedwa ali ndi maganizo ena. Ku England munthu wovulazidwa amapatsidwa zaka zitatu zokha kuti akasume, pokhapokha woweruza atawona chifukwa cholola kupyola pamenepo. Lamulo limeneli si lopusa. Pakapita zaka zambiri mboni zimafa, zikalata zimasoŵa, ndipo woimbidwa mlandu sangathe kudziteteza. Nayenso ali ndi ufulu woweruzidwa mwachilungamo. Komabe lamulo lomwelo lingasanduke pobisalira boma limene lidazunza anthu, kenaka nkubisa mapepala, nkumadikira kuti ozunzidwawo akalambe. Nchifukwa chake m'chaka cha 1968 bungwe la United Nations lidakonza pangano lakuti milandu ya pankhondo ndi milandu yolakwira mtundu wonse wa anthu ilibe malire a nthaŵi.

Okalamba a ku Kenya sadaiŵale, ngakhale kuti gulu la Mau Mau lidakhalabe loletsedwa m'dziko lawo lomwe mpaka 2003, zaka makumi anayi chilandirire ufulu wodzilamulira. M'chaka cha 2009 asanu mwa iwo adasumira boma la Britain ku bwalo lalikulu la ku London. Akatswiri a mbiri yakale, makamaka David Anderson ndi Caroline Elkins, adathandiza kuwonetsa kuti panali mafailo amene adachotsedwa ku Nairobi ufulu uli pafupi. M'chaka cha 2011 boma lidakakamizika kuvomereza kuti ku Hanslope Park lidali kusunga mafailo pafupifupi 8,800 ochokera m'maiko 37 amene lidali kulamulira, Nyasaland ili momwemo. Mu Okutobala 2012 woweruza adagamula kuti, poti zikalata zidalipo zambiri, mlandu ungazengedwe mwachilungamo ngakhale papita zaka zoposa makumi asanu. Mu Juni 2013 nduna yowona za maiko akunja, William Hague, idavomereza m'Nyumba ya Malamulo kuti anthu adazunzidwa, ndipo boma lidapereka mapaundi 19.9 miliyoni pa nkhani ya anthu 5,228. Chipilala chachikumbutso chidatsegulidwa ku Uhuru Park mu Nairobi m'chaka cha 2015.

Nkhaniyi ikadathera pomwepa ikadakoma. Koma gulu lachiŵiri, la anthu oposa 40,000, lidasumanso, ndipo m'chaka cha 2018 bwalo lidakana, ponena kuti nthaŵi idapita kwambiri kotero kuti boma silikadatha kudziteteza moyenera. Mabala adali ofanana. Chidasiyana ndi mapepala. Tsono mwana akatifunsa ngati mlandu umawola, tiyenera kumuuza kuti m'mitima ya anthu suwola, koma m'bwalo lamilandu ungathe kuwola ngati palibe amene adalemba, adasunga, ndi kufunsa nthaŵi isadathe.

Za Kwathu Kuno Ufulu Utabwera

Kuphunzitsa zolakwa za atsamunda nkosavuta, pakuti olakwawo adapita kwawo. Funso la mtsikana uja lidali lovuta chifukwa linkaloza kwa ife eni.

Dziko lathu lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye, 1964, ndipo m'chaka cha 1966 lidakhala la chipani chimodzi. Mphamvu yotsekera munthu popanda kumzenga mlandu, imene anthu adaidandaula m'chaka cha 1959, idapitirira. A Mboni za Yehova adaletsedwa m'chaka cha 1967, ndipo zikwi zambiri adathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique m'zaka za m'ma 1970. Orton Chirwa, amene adayambitsa Malawi Congress Party m'chaka cha 1959 pamene anzake adali m'ndende, adagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981. Adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake m'bwalo. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti adachita ngozi ya galimoto. Onani mmene nkhani yoyamba ya boma imafananira m'malo atatu: chiwembu, madzi a m'ngolo, ngozi ya galimoto.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi chowona cha ku Mwanza chidakhala m'manong'onong'o okha. Zinthu zitasintha ndi riferendamu ya pa 14 Juni, 1993, ndi chisankho cha pa 17 Meyi, 1994, bungwe lofufuza motsogozedwa ndi woweruza Harry Mtegha lidapeza kuti anthu anayiwo adaphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo idali yongokonza. Koma pamene Dr. Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wa kupangana za imfazo, bwalo lidawapeza osalakwa mu Disembala 1995, chifukwa umboni sudakwane pa muyeso umene mlandu wotere umafuna. Ophunzira athu ena amasokonezeka apa. Amafunsa kuti, kodi wonama ndani, bungwe kapena bwalo? Palibe. Bungwe lidayankha funso lakuti anthuwo adafa motani. Bwalo lidayankha funso lina, lakuti kodi zatsimikizika popanda chikayikiro kuti oimbidwa mlandu aŵa ndiwo adapangana. Mphunzitsi ayenera kunena zonse ziŵiri monga ziriri, osawonjezera chigamulo chake.

Malamulo Aakulu a dziko a 1994 adakhazikitsanso, kuyambira pa gawo 137, bwalo lapadera la chipukutamisozi kwa ozunzidwa ndi boma lakale. Ofuna kusuma pa nkhani zotere adayenera kuyamba adzera kumeneko, ndipo bwalolo lidapatsidwa moyo wa zaka khumi zokha. Lidatsekedwa m'chaka cha 2004 anthu ambiri asadalandire zawo zonse, monga lipoti la ofesi ya Ombudsman lidasonyezera m'chaka cha 2017. Zaka makumi atatu za misozi zidapatsidwa zaka khumi za kuŵerengera.

Komabe pali njira ina imene lamulo lidakumbukira nayo, ndipo imeneyi ndiyo yothandiza koposa m'kalasi. Tsegulani Mutu 4 wa Malamulo Aakuluwo ndi kuuŵerenga ngati munthu woŵerenga zipsera pa thupi la mnzake. Chifukwa ninji gawo 42 likulamula kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake ndi kufikitsidwa ku khoti pasadathe maola 48? Chifukwa anthu adakhala zaka m'ndende osawona woweruza. Chifukwa ninji gawo 19 likuletsa kuzunza? Chifukwa ninji gawo 40 likupatsa munthu ufulu woyambitsa chipani kapena kuloŵa chimene afuna? Chifukwa ninji gawo 45 likuti Imejensi isapitirire masiku 21 popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndi kuti achibale a wotsekeredwa adziŵitsidwe ndipo dzina lake lifalitsidwe? Olembawo ankakumbukira 1959, ankakumbukiranso mabanja amene sadauzidwe kumene atate adatengeredwa. Mwana woloŵeza magawo ameneŵa popanda mbiri yake adzawaiŵala mayeso akangotha. Wodziŵa bala limene lidabala gawo lirilonse adzazindikira tsiku limene wina adzayese kulichotsa.

M'kalasi

Tikupereka njira imene tidaiyesa ndi ophunzira athu. Imafuna maphunziro atatu, ndipo siifuna china choposa choko, makope ndi Malamulo Aakulu, ngakhale magawo ochepa okopera pa tchati.

Musadayambe, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo kudzera mwa iye dziŵitsani komiti ya sukulu ndi anyakwaŵa. Nkhani izi ziri ndi eni ake amoyo. M'kalasi limodzi mungathe kukhala mdzukulu wa munthu wotsekeredwa ndi mdzukulu wa amene adali m'gulu la Apayoniya, atakhala pa desiki limodzi, ndipo palibe mwa aŵiriwo amene ali ndi mlandu.

M'phunziro loyamba fotokozani za pa 3 Marichi monga tazilongosolera, kenaka lembani 20 ndi 31 pa bolodi ndi kufunsa ana kuti manambala aŵiri a chinthu chimodzi angabwere bwanji. Asiyeni aganize. Wina adzati mwina ovulala ena adamwalira pambuyo pake. Wina adzati mwina achibale adawopa kukanena kwa Azungu. Wina adzati mwina anthu adawonjezera m'kupita kwa zaka. Musatsimikize yankho lirilonse. Funsani kuti, tikadafuna kudziŵa, tikadafunsa yani, ndipo tikadapita kukayang'ana zikalata ziti? Apa ndi pamene mungawauze za nyumba yosungiramo zikalata zakale ya ku Zomba, ndi kuti gawo 37 limapatsa Mmalaŵi ufulu wopempha nkhani zimene boma likusunga.

Ntchito yokachita kunyumba ndiyo kufunsa munthu wamkulu mmodzi za chinthu chimodzi chimene adachiwona, kaya cha nthaŵi ya Chitaganya, ya chipani chimodzi, kapena ya riferendamu. Aphunzitseni kafunsidwe kake. Mwana apite madzulo ntchito zitatha, akhale pansi mwaulemu, nanene kuti, "Agogo, aphunzitsi atituma kuti timve za kale. Kodi mungandiuzeko zimene mudaziwona inu?" Mafunso akhale ochepa: Mudali kuti? Mudawona ndi maso kapena mudachita kumva? Padalinso yani? Chidali chaka chiti, kapena chidachitika pafupi ndi chiyani chimene tingachidziŵe? Agogo akakana, mwana athokoze ndi kuchoka. Ena adakhala chete zaka makumi anayi pa zifukwa zomveka, ndipo si ntchito ya mwana wa zaka khumi ndi ziŵiri kutsegula chimene iwo adatseka. Auzeninso ana kuti dzina la munthu wa m'mudzi amene akunenedwa kuti adapereka mnzake kapena adamenya anthu lisalembedwe ndipo lisatchulidwe m'kalasi, alembe kuti "munthu wina." Kalasi si bwalo, ndipo wonenedwayo palibe kuti adziyankhire.

M'phunziro lachiŵiri gaŵani bolodi patatu: zimene mboni idawona, zimene idachita kumva, ndi zimene zikalata zikunena. Ana aŵerenge zimene adabweretsa, ndipo kalasi lonse ligamule danga loyenera chiganizo chirichonse. Luso limeneli ndilo la woweruza ndi la wolemba mbiri, ndipo ana amaligwira msanga kuposa mmene timaganizira. Adzakanganadi. Tidawona mnyamata wina akuumirira kuti zimene agogo ake adamva kwa mchimwene wawo ziloŵe m'danga loyamba, "chifukwa agogo sanama." Mphunzitsi adachita bwino pomuuza kuti palibe akuti agogo anama, koma kuti munthu wowona mtima angathe kubwereza molakwika chimene sadachiwone. Chenjerani ndi mbali inayonso: danga lachitatu si ndilo mfumu ya enawo. Madzi a m'ngolo aja adalembedwa pa pepala la boma.

M'phunziro lachitatu mwana aliyense afune gawo la Mutu 4 limene likukhudza nkhani imene adabweretsa. Wa nkhani ya kulandidwa katundu adzapeza gawo lonena za katundu. Wa nkhani ya kukanizidwa kuloŵa mumsika chifukwa chopanda khadi la chipani adzapeza gawo 40. Wa nkhani ya kuthamangitsidwa chifukwa cha chipembedzo adzapeza gawo 33. Pomaliza nkhanizo zikoperedwe bwino m'kope limodzi lachikuto cholimba, iriyonse ndi tsiku limene idalembedwa ndi zaka za woinenayo, ndipo kopelo lisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Amene adawona za 1959 ali ndi nzeru zawo tsopano apyola zaka makumi asanu ndi aŵiri.

Chenjezo limodzi liri kwa inu eni. Aliyense wa ife adabadwira m'banja limene liri ndi mbali yake pa nkhani zimenezi, ndipo zipani za lero zimagwiritsabe ntchito mayina a dzulo. Mudzamva ana akubweretsa zabwino zimene agogo awo amakumbukira za zaka zomwezo: misewu, sukulu, chimanga m'nkhokwe, kuyenda usiku popanda kuwopa mbala. Zimenezo nazo zilembeni pa bolodi m'danga lake. Munthu angathe kukumbukira nkhokwe yodzaza, mnansi wake nkukumbukira galimoto imene idaima pakhomo pakati pa usiku, onse aŵiri nkukhala akunena zowona za chaka chimodzimodzi.

Mphunzitsi tidamtchula poyamba uja adabwereza phunziro lake mwa njira imeneyi patapita milungu iŵiri. Adayamba ndi kumuitana mtsikana uja ndi kumuuza pamaso pa anzake kuti funso lake lidali loyenera. Adalongosola kuti tsiku la pa 3 Marichi lidakhazikitsidwa pokumbukira ophedwa a 1959, koma kuti chimene chidachitikira agogo ake ndicho chimene gawo 42 lidalembedwera, ndipo adampatsa tchati kuti aŵerenge gawolo mokweza. M'maŵa mwake agogo ake aakazi a mtsikanayo adabwera okha ku sukulu, nakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kalasi lonse pafupifupi ola lathunthu. Adati amuna awo adatengedwa usiku umodzi ndi anthu ena atatu a m'mudzimo, chimanga chiri m'ngaiyaye. Kope la pa sukulupo liri ndi nkhani khumi ndi imodzi. Ziŵiri mwa izo zikunena za usiku womwewo koma zikusiyana chaka, ina 1974, ina 1976, ndipo ana adagwirizana kuzilemba zonse ziŵiri pa masamba oyang'anizana.